MWANA PA BWALO LA MILANDU: MBIRI YA KU CHIPATA

Mwana akaba mbuzi, mlandu ngwa yani? Funso limeneli lioneka lapafupi, koma anthu a dziko la Chipata amva mayankho atatu pa zaka zoposa 120 zapitazi. Makolo akale anali ndi yankho lao, Boma la Azungu linadza ndi lina, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Zambia inapereka lacitatu m'caka ca 2022. Ambiri a iwo amene agwira nchito ku migodi ndi m'matauni anasiya ana kwao ku Mtenguleni, ku Katete kapena ku Chadiza, ndipo ena ali nao m'makomboni. Onsewo nkhani iyi iwakhudza, pakuti palibe kholo lodziwa tsiku limene wapolisi adzagogoda pa citseko cace.

Pa bwalo la mfumu

Kale, Azungu asanafike, mwana sanali kuima yekha pa mlandu. Kwa Acewa mwana anali wa kwa amace, ndipo womuyankhira anali atsibweni ace, mwini mbumba. Mnyamata akathyola cimanga ca eni, kapena akalasa nkhuku ya pa mudzi wina, mwini zinthuzo sanali kulimbana ndi mwanayo ai, koma anali kupita kwa mwini mbumba kukadandaula. Akalephera kumvana awiriwo, nkhani inali kukwera kwa mfumu ya mudzi, pa bwalo, pamaso pa anthu onse. Dipo lace linali nkhuku, mbuzi, khasu kapena dengu la mapira.

Kwa Angoni a Mpezeni mwana anali wa kwa atate wace. Anyamata anali kucereza tsiku lonse ku busa, ndipo ng'ombe zikalowa m'munda wa munthu, atate ndiwo anali kulipira. Mnyamatayo anali kukumana ndi cilango cace madzulo ku khola, kapena kwa anyamata akuru a m'gowelo amene anali kulanga ang'ono ao.

Colinga ca bwalo lotere cinali kubweza cimene caonongeka, ndi kuyanjanitsa mabanja awiri amene m'mawa mwace adzatunga madzi pa citsime cimodzi. Ndende kunalibe. Munthu wamkuru ali yense anali ndi mphamvu ya kudzudzula mwana wopulupudza, monga mwa mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma masiku amenewo analinso ndi zowawa zao. Pa mlandu waukuru, monga wa kupha munthu, banja losowa cuma linali kupereka munthu kukhala dipo, ndipo kawirikawiri woperekedwayo anali mwana wosalakwa konse, amene anasanduka kapolo kwa eni maliro. Mwana wamasiye wopanda womnenera anali kusenza milandu ya ena. Ndiponso pa bwalo akuru ndiwo anali kulankhula. Mau a mwana mwini wace sanali kufunidwa kwenikweni.

Kufika kwa Boma

M'mwezi wa January 1898 asilikari ocokera ku Nyasaland, otsogozedwa ndi Azungu, anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaomberedwa mfuti, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. M'caka ca 1899 boma la Fort Jameson linakhala likuru la dziko la North-Eastern Rhodesia, lolamulidwa ndi kampani ya British South Africa Company. M'caka ca 1900 kunaturuka lamulo lokhazikitsa Bwalo Lalikuru ndi mabwalo a majisitireti, oweruza monga mwa malamulo a ku England.

M'caka comweco ca 1899, ku Chicago m'dziko la America, kunatsegulidwa bwalo loyamba loweruza ana okhaokha. Ku England nako lamulo la 1908 linakhazikitsa mabwalo a ana. Cotero pamene maiko a Azungu anayamba kuona kuti mwana sayenera kuweruzidwa monga wamkuru, ku Fort Jameson mwana anali kungoyamba kumene kuima pa bwalo la akuru.

Lamulo latsopanolo linali ndi nzeru yace yosiyana ndi ya makolo. Linati mlandu ngwa munthu amene waucita, osati wa banja lace. Linatinso wakuba walakwira Boma. Tsono mwini mbuzi anasanduka mboni cabe, ndipo atsibweni anasanduka woonerera, wokhala panja pa khonde. Zilango zofala zinali zitatu: faindi, cikoti ndi ndende. Mwini mbuzi nthawi zambiri anali kubwerera kwao cimanjamanja, wosamvetsa kuti mlandu watha bwanji pamene mbuzi yace sinabwere.

Msonkho ndi ulendo

M'caka ca 1901 anthu anayamba kukhoma msonkho wa nyumba, mashilingi 3 pa caka. Ndalama m'midzi munalibe, ndipo ng'ombe za Angoni zinali zitapita. Amuna ananyamuka wapansi, kuoloka Zambezi, kunka ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunadza magalimoto ochedwa Ulere, onyamula anthu a nchito osalipira kanthu. Ena anabwerako ndi njinga ndi masutikesi, koma ena anakhala macona, osamvekanso.

Nalo dziko linacepa. Kampani ya North Charterland inali ndi malo akuru ozungulira Fort Jameson, ndipo Azungu anatsegula mapulazi a fodya. M'caka ca 1928 anthu anadulidwira malo ao ochedwa marizevu, m'mene anathinana kufikira nthaka inaguga. Boma linagula malo ena a kampaniyo m'caka ca 1941 kuti anthu apeze popumira. Pa mapulazi a fodya ana analembedwa nchito, popeza malipiro ao anali ocepa. Monga mwa malamulo a bwana ndi wanchito a masiku amenewo, kuthawa nchito kunali mlandu wa ku bwalo.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani. Lamulo linacotsa atsibweni ndi atate pa mlandu wa mwana, ndipo msonkho unawacotsa pa mudzi. Mnyamata anakula pakati pa amai ndi nkhalamba, wosaona mwamuna wamkuru wa mbumba yace kwa zaka. Atafika pa msinkhu wa kudziwa njira, nayenso ananyamuka.

Ana m'matauni

Migodi ya mkuwa ya ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira inayamba kuturutsa mkuwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930, ndipo Lusaka anakhala likuru la dziko m'caka ca 1935. Anthu a kum'mawa anakhamukira ku Lusaka kufikira Cinyanja cinakhala cinenero ca m'tauni ndi ca apolisi. Anyamata anali kutsata abale ao, nakhala pa nyumba ya mlamu kapena ya munthu wa kwao, kutunga madzi, kuphikira ambeta m'komboni, kulera ana a Azungu, kunyamula katundu pa msika. Malo m'sukulu anali owerengeka. Nchito ikatha, kapena wacibale akacotsedwa pa mgodi, nyumba inali kupita pamodzi ndi nchitoyo, ndipo mwana anali kutsala pa msewu.

Boma linali kuganiza kuti tauni ndi malo a anthu a nchito okha, ndi kuti kwao kwa mwana wa Ciafrika ndi ku mudzi. Cifukwa cace mankhwala oyamba amene linapeza anali kugwira ana opanda makolo m'tauni ndi kuwabweza kwa mafumu ao. Mafumu ambiri anabvomereza, pakuti naonso sanafune kuti midzi ithe. Koma mwana wobwezedwa anali kupeza njala yomwe ija anaithawa, ndipo posacedwa anali kukweranso lole ya pa msewu wa ku Lusaka.

Zotere sizinacitike ku Africa kokha. Ku Los Angeles, m'mwezi wa August 1942, mnyamata wina dzina lace José Díaz anapezeka ali kufa pafupi ndi dziwe lochedwa Sleepy Lagoon. Apolisi anagwira acinyamata mazanamazana a mtundu wa ku Mexico, ana a anthu amene anadza ku America kudzafuna nchito. Anyamata 22 anaweruzidwa pamodzi, osaloledwa kumeta tsitsi kapena kusintha zobvala, kuti oweruza aone maonekedwe ao. M'mwezi wa January 1943 anyamata 12 anapezeka olakwa pa mlandu wa kupha, koma m'mwezi wa October 1944 bwalo la apilo linafafaniza ciweruzoco popeza umboni unali wosakwanira. Mwana wa munthu wobwera, kuli konse kumene ali, ayamba kuweruzidwa ndi zobvala zace ndi kalankhulidwe kace mlandu usanamveke.

Cikoti ndi ndende

Kwa zaka zambiri cilango cacikuru ca anyamata m'Northern Rhodesia cinali cikoti. Oweruza anali kucikonda pa zifukwa ziwiri. Coyamba, cinali cosadya ndalama: mnyamata akwapulidwa m'mawa, masana ali pa njira ya kwao. Caciwiri, kunalibe malo osungira ana, ndipo woweruza wacifundo anali kuona kuti ndi bwino mwana amve kuwawa tsiku limodzi kusiyana ndi kugona miyezi itatu pamodzi ndi mbala zozolowera ndende. Atsikana lamulo silinalole kuwakwapula.

Mabwalo a mafumu atabvomerezedwa ndi lamulo la 1929, milandu yaing'ono inabwereranso kwa Mpezeni ndi kwa mafumu a Acewa, Ansenga ndi Akunda. Kumeneko dipo ndi kuyanjanitsa zinapitirira, ngakhale Bwana D.C. anali ndi mphamvu ya kuona mabuku a milandu ndi kusintha ciweruzo. Koma milandu yaikuru inali ya majisitireti, kumene zonse zinali kulembedwa m'Cingerezi, ndipo mwana anali kumva za moyo wace kupyolera m'kamwa mwa womasulira.

Panalinso bvuto la msinkhu. Ana a m'midzi analibe kalata ya kubadwa, ndipo makolo anali kukumbukira caka ca kubadwa ndi dzombe, njala kapena imfa ya mfumu. Woweruza anali kuyang'ana thupi la mnyamata, nthawi zina kufunsa dotolo, ndi kungoganizira. Mnyamata wamtali wa zaka 15 anali kukhoza kulembedwa wamkuru, nalowa m'ndende ya akuru.

Lamulo la 1956

Lamulo loyamba lonena za ana olakwa m'Northern Rhodesia linapangidwa m'caka ca 1933. M'caka ca 1953 kunadza lamulo lolola woweruza kumasula wolakwa kuti akakhale kwao, ali m'manja mwa munthu wa Boma womuyendera ndi kumlangiza. Pambuyo pace, m'caka ca 1956, kunaturuka lamulo lalikuru la ana, Juveniles Ordinance, lotengera kwambiri lamulo la ku England la 1933.

Mau a lamulo limeneli anali okoma. Linakhudza munthu ali yense wosafika zaka 19. Linati bwalo la ana likhale m'cipinda cina kapena pa tsiku lina, losalowamo anthu wamba. Kholo liitanidwe kudzamva mlandu. Mwana asasakanizidwe ndi akaidi akuru pa polisi, pa njira kapena podikira mlandu. Ndipo mwana wosafika zaka 16 asapatsidwe cilango ca ndende. Ngakhale mau akuti “wamangidwa” anayenera kupewedwa m'mabuku a bwalo, kuti dzina la mwana lisade moyo wace wonse. Koma msinkhu woyambira kuimbidwa mlandu unali zaka 8 cabe. Mwana wa pakati pa zaka 8 ndi 12 anali kukhoza kuweruzidwa ngati wozenga mlandu aonetsa kuti mwanayo anadziwa kuti cimene acita ncoipa.

M'zaka za m'ma 1950 Boma linatsegula sukulu yoongolera anyamata ku Katombora, m'mbali mwa Zambezi, kumadzulo kwa Livingstone, yoyang'aniridwa ndi a ndende. Kumeneko anyamata anali kuphunzira ukalipentala, umisiri wa kumanga nyumba, kusoka ndi ulimi. Ana ocepera msinkhu anali kutumizidwa ku sukulu ya Nakambala ku Mazabuka, ya m'manja mwa ofesi yoona za umoyo wa anthu. Pambuyo pace kunadzakhalanso malo a atsikana ochedwa Insakwe ku Ndola.

Munthu akayang'ana pa mapu aona msanga cimene cinabvuta anthu a kum'mawa. Malo onsewa ali m'mbali mwa njanji, kapena kupitirira pamene. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 550, ndipo kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone pali enanso oposa 450. Mnyamata wa kwa Mpezeni kapena wa kwa Kawaza wotumizidwa ku Katombora anali kupita kutali makilomita oposa 1,000, kumene mai wace wolima mtedza sakanatha kufikako ngakhale kamodzi. Lamulo lomtumiza linali la zaka 4, ndipo lisanayambe kugwira nchito linayenera kutsimikizidwa ndi Bwalo Lalikuru. Podikira mapepala amenewo, ndi podikira galimoto yomperekeza, mwana anali kukhala m'ndende, malo omwe aja lamulo linafuna kumpewetsa.

Dziko litalandira ufulu

Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo patapita zaka zowerengeka Fort Jameson anachedwa Chipata. Mabwalo a mafumu analowedwa m'malo ndi makhoti ang'ono a Boma m'caka ca 1966. Koma lamulo la ana la 1956 linatsala, litangosinthidwa dzina ndi mau ena apo ndi apo. Linakhala zaka 66.

Pa zaka zimenezo dziko linasintha kwambiri. Mtengo wa mkuwa unagwa m'zaka za m'ma 1970, nchito zinasowa, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 matenda a Edzi anasiya ana amasiye ambirimbiri, opanda atate, opanda atsibweni. Ana ogona m'misika ndi pokwerera mabasi anacuruka, koma malo oongolera ana anakhala owerengeka omwe aja.

Mphepo ina inaomba kucokera kunja. M'caka ca 1989 bungwe la United Nations linagwirizana pangano la ufulu wa ana, lonena kuti kutsekera mwana kukhale cinthu cotsiriza, ndi kwa nthawi yocepa. Zambia analowa m'panganolo m'caka ca 1991. M'caka ca 1999, pa mlandu wa John Banda, amene anaweruzidwa kuti akwapulidwe zikoti 10, Bwalo Lalikuru linagamula kuti kukwapula munthu ndi cilango cankhanza cotsutsana ndi malamulo akuru a dziko. M'caka ca 2003 Nyumba ya Malamulo inacotsa cikoti m'mabuku a zilango. Cotero ndodo imene inafika ndi kampani inapumula patapita zaka zoposa 100.

Koma ndende inatsala. M'zaka za 2009 ndi 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi mabungwe ena awiri, linayendera ndende 6 za m'Zambia, nilipeza ana ali kugona m'zipinda zimodzi ndi akaidi akuru, ena atadikira mlandu wao miyezi yambiri. M'malo otere mwana atenga cifuwa cacikuru, acitidwa zamanyazi cifukwa ca cakudya kapena bulangete, ndipo aphunzira kuba kwa eni ace a luso limenelo. Nalo bvuto la msinkhu silinathe: kafukufuku wa Boma wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka 5, ana 14 okha ndiwo analembedwa m'kaundula wa kubadwa.

Lamulo la 2022

M'mwezi wa August 2022 Mtsogoleri wa dziko, Hakainde Hichilema, anasaina lamulo latsopano la ana, Children's Code Act, limene linafafaniza lamulo la 1956. M'caka comweco msinkhu woyambira kuimbidwa mlandu unakwezedwa kucoka pa zaka 8 kufika pa zaka 12. Lamuloli liti mwana akagwidwa, makolo ace adziwitsidwe, ndipo pomfunsa mafunso pakhale kholo, wacibale kapena munthu wa ofesi yoyang'anira ana.

Cacikuru m'lamuloli ndi njira ya kupatutsa mlandu kuti usafike ku bwalo. Ngati mwana abvomera kulakwa kwace, ndipo mlandu suli woopsa, akhoza kucenjezedwa, kubweza cimene anaononga, kapena kukhala pansi pamodzi ndi banja lace ndi munthu amene anamlakwira, kuti apangane za dipo ndi za makhalidwe ace a m'tsogolo. Anzeru a za malamulo a m'maiko ambiri afika pa njira imeneyi atafufuza zaka zambiri, koma nkhalamba ya ku Mtenguleni kapena ku Mkaika ikaimva siidabwa, pakuti ndi bwalo lomwe lija la makolo. Kusiyana kwace nkwakuti tsopano mwana ali ndi ufulu wa kulankhula, ndipo palibe mwana woperekedwa kukhala dipo.

Komabe lamulo ndi pepala. La 1956 nalonso linaletsa kusakaniza ana ndi akuru, koma linasowa nyumba, magalimoto ndi anthu a nchito olikwaniritsa. Latsopanoli lidzayesedwa pa muyeso womwewo: ngati pa polisi pali cipinda ca ana, ngati wa ofesi ya ana ali ndi njinga yofikira ku midzi ya ku Vubwi ndi ku Chadiza, ndi ngati mnyamata wa kum'mawa akhoza kuongoledwa pafupi ndi kwao.

Lidzayesedwanso ndi makolo eni ace. Njira ya kupatutsa mlandu ifuna kuti pakhale munthu wamkuru wonena kuti, “Mwanayu ngwanga, ndidzamyang'anira ine.” Pakasowa munthu wotere, wapolisi ndi woweruza atsala ndi citseko cimodzi cokha, ndico ca ndende. Cifukwa cace munthu wa pa mgodi kapena wa m'tauni acita bwino kulembetsa kubadwa kwa ana ace akali makanda, pakuti kapepala kameneko ndiko kadzaonetsa kuti mnyamata wamtali uja ngwa zaka 15, osati 20. Acita bwinonso kudziwa kumene mwana wa mlongo wace agona. Ndipo akamva kuti mwanayo wagwidwa, asamkane cifukwa ca manyazi, koma apemphe cilolezo ku nchito tsiku lomwelo, apite ku polisi, nachule dzina lace kuti iye ndiye mwini mwana. Akuru anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mtengo suongoledwa ndi munthu woima patali.